Injini ya Boti Yosazima Siinakonzedwe

Komboni ya Mandevu, imene iri kumpoto kwa mzinda wa Lusaka m'mbali mwa mseu wa Great North, yadziwika ciyambire kale ndi nchito za manja. Mbiri imasimba kuti dzinalo linacokera ku ndevu zazitali za amuna a mpingo wa Apostoli amene anafika kucokera ku Southern Rhodesia, dziko limene lero ndi Zimbabwe, nakhazikika kumeneko ndi ku Marrapodi. Anthuwo anali osula zitini, opala matabwa ndi oluka madengu, ndipo luso lao linafalikira kwa anansi ao. Kufikira lero mmisiri wa m'Mandevu amanyadira cinthu cimodzi: cimene ena anataya kuti cafa, iye amacidzutsa. Kunyada kotere nkoyenera, pakuti anthu amene ndalama zao ndi zowerengeka sangataye citsulo ciri conse cimene cakana nchito tsiku limodzi. Komabe pali kukonza kwina kumene sikuli kukonza konse, ndipo pa injini ya boti kukonza koteroko kungatayitse moyo.

Wina angafunse kuti Mandevu yalowamo bwanji m'nkhani ya maboti, popeza kumeneko kulibe nyanja kapena mtsinje waukulu. Yankho liri pa misika. Nsomba zouma ndi kapenta zimene zimagulitsidwa m'makomboni ndi pa msika wa Soweto zimacokera ku Kafue, ku Itezhi-Tezhi, ku Siavonga pa nyanja ya Kariba, ndi ku boma la Luangwa kumene mtsinje wa Luangwa umathira m'Zambezi. Amai ndi abambo amene amakaoda nsombazo amakwera maboti kuti afike ku misasa ya asodzi. Ndiponso injini ikabvuta ku madooko amenewo, kawirikawiri masipeya amakafunidwa ku Lusaka, ndipo nthawi zina injini yomweyo imakwezedwa pa galimoto kudza kwa makanika wa m'tauni. Cotero dzanja la makanika wa m'komboni limafika pa madzi amene mwini dzanjalo sanawaonepo.

Maboti ambiri a pa madzi a m'Zambia, makamaka aja ochedwa banana, amayenda ndi injini yopacika kumbuyo, ya mahosipawa 15, 25 kapena 40. Woyendetsa amakhala kumbuyo atagwira mkono wa injini, umene ndiwo ciongolero ndiponso poonjezera liwiro. Pa mkonowo, kapena pafupi nao, pali kabatani kofiira kozimitsira injini. Pansi pa kabataniko pamalowa kapulasitiki kooneka ngati mphanda, komangidwa ku cingwe cofiira copotanapotana. Mbali ina ya cingweco iri ndi kokolera, ndipo malo ake ndi pa thupi la woyendetsa: pa dzanja, pa mwendo kapena pa jekete yoyandamitsa munthu pa madzi. Woyendetsa akagwa kapena akatayidwa pa mpando wake, cingwe cimakoka kamphandako, ndipo injini imazima yokha.

Kagwiridwe kake ka nchito si kobvuta kumva. Injini ya petulo imalira kaamba ka moto umene umathetheka pa mapulagi. Kamphanda kakalowa m'malo mwake, kamalekanitsa timano tiwiri ta citsulo m'kati mwa swichi, ndipo magetsi amayenda njira yao. Kakasololoka, sipuling'i imabweza kabatani, timanoto timakhudzana, magetsi amene akanapanga moto pa mapulagi amathawira m'citsulo ca injini, ndipo injini imaima pomwepo. Pa injini za Yamaha mawaya a swichiyi ndi awiri, woyera ndi wakuda. Injini za makampani ena ziri ndi mawaya a maonekedwe ena, koma nzeru yake ndi imodzimodzi.

Swichi imeneyi imakhala pa dzuwa, pa mvula ndi pa madzi okhavukira m'boti, motero imafa, ndipo imafa m'njira ziwiri. Njira yoyamba ndi pamene madzi ndi dzimbiri zalowa m'kati, timano nkugwirana nthawi zonse. Pamenepo injini imakana kulira ngakhale munthu akoke cingwe colizira kufikira phewa litawawa. Njira yaciwiri ndi pamene waya waduka, kapena timano takutidwa ndi dzimbiri kosakhudzananso. Pamenepo injini imalira bwino lomwe, koma siimvera kabatani kapena cingwe. Bvuto loyamba limaoneka msanga cifukwa boti silicoka pa dooko. Laciwiri ndilo loopsa, pakuti silidziwika kufikira tsiku limene swichiyo ifunika.

Apa ndi pamene pagona mlandu wa makanika. Injini ikakana kulira, makanika wodziwa nchito amasolola waya wa swichi ndi kuyesanso. Ikalira, wadziwa kuti cobvuta ndi swichi. Kuyesa kotero nkwabwino, ndipo amisiri onse amatero. Colakwa ndi kulekera pomwepo: kukulunga waya uja ndi tepi, kumubisa pansi pa cibvundikiro, ndi kubwezera mwini injini imene tsopano ikulira pa kukoka kumodzi. Mwini amapita akumwetulira, popeza walipira zocepa ndipo sanadikire sipeya. Cimene sanauzidwe ndi cakuti bvuto loyamba lija lasandutsidwa laciwiri. Kuyambira tsikulo adzazimitsa injini pokoka choki kapena pocotsa paipi ya petulo, ndipo paipi ikacotsedwa injini imapitirizabe kulira kanthawi ndi mafuta otsala m'kabyuleta. Njira ziwiri zonsezi zimafuna kuti munthu akhale m'boti. Munthu amene ali m'madzi sangafikire choki.

Pali cizolowezi cina cofanana naco, cimene sicifuna ndi makanika yemwe. Cingwe cikataika, woyendetsa amamanga kabatani ndi malegeni kapena kupanikizapo waya kuti injini ilire. Ena cingwe ali naco, koma anacikulunga pa mkono wa injini tsiku limene anagula, ndipo sicinamasulidwepo. Swichi yamoyo yokhala ndi cingwe cosamangidwa pa munthu siisiyana ndi swichi yakufa.

Oyendetsa ambiri amanena kuti akhala pa madzi zaka zambiri osagwapo. Zimenezo zingakhale zoona, koma akuluakulu anati tsoka silinunkha. Damu ya Kariba inatha kumangidwa m'caka ca 1959 ndipo ya Itezhi-Tezhi m'caka ca 1977, koma mitengo imene inamizidwa pa nthawiyo ina idakaimirira, nsonga zake zitabisala pansi pa madzi. Pa Luangwa ndi pa Zambezi mvuu imabvuuka pamene munthu sanaiyembekezere, ndipo mcenga umasuntha caka ndi caka, kotero kuti pamene panali pakuya dzinja latha lero pangakhale posaya. Pa Kafue pali udzu woyandama ndi maukonde. Boti lothamanga likagunda cimodzi ca izi, woyamba kutayidwa ndi iye amene wakhala pa mphepete kumbuyo, kapena waimirira kuti aone njira. Ndiponso munthu angathe kukomoka, kudwala khunyu, kapena kuodzera pa ulendo wa usiku.

Dzanja likacoka pa mkono wa injini, liwiro silitsika nthawi zonse, cifukwa oyendetsa ambiri amamanga kasikuluu ka pa mkonowo kuti dzanja lisatope pa ulendo wautali. Tsono kuzungulira kwa pulopela kumakankhira injini mbali imodzi, boti nkuyamba kuyenda mozungulira ndi kubwerera pa malo omwe munthu wagwera. M'maiko a kutsidya kwa nyanja amakucha kuzungulira kwa imfa. Injini yotere ikamalira ndi mphamvu yonse imazungulira nthawi pafupifupi 5,000 pa mphindi imodzi, ndipo pulopela imazungulira pafupifupi theka la pamenepo, ndiko kuti koposa nthawi 40 pa sekondi imodzi. Popeza iri ndi masamba atatu akuthwa, munthu amene yamupeza amatemedwa koposa nthawi 120 pa sekondi yomweyo. Palibe wosambira amene angathawe boti lotere. Likapanda kuzungulira limapita molunjika, kusiya woyendetsa pakati pa ng'ona, ndi kutenga amai, ana ndi matumba a nsomba kunka nazo ku miyala kapena ku mitengo, popanda ndi mmodzi yemwe wodziwa kuliimitsa.

Zimenezi zinaoneka poyera ku England pa 5 Meyi 2013. Banja la anthu 6 linali m'boti lothamanga pafupi ndi tauni ya Padstow, ndipo pokhota onse anatayidwa m'madzi. Boti linayamba kuzungulira pakati pao. Bambo wa banjalo ndi mwana wake wamkazi wa zaka 8 anafa, mai anaduka mwendo, ndipo mwana wina anabvulala koopsa. Boti linaima pokhapo pamene munthu wina wolimba mtima analumphiramo kucokera m'boti lina. Bungwe la boma la Britain lofufuza ngozi za pa madzi, la Marine Accident Investigation Branch, linapeza kuti cingwe cozimitsira injini sicinamangidwe pa woyendetsa. Limenelo linali boti la makono, pa malo odzala anthu, opulumutsa ali pafupi ndi ndege zonyamula obvulala. Nanga pa msasa wa asodzi, pamene cipatala ciri ulendo wa tsiku lathunthu, wotemedwa ndi pulopela angafike wamoyo?

Ku United States boma linaona kuti kulangiza kokha sikukwanira. Kuyambira pa 1 Epulo 2021, lamulo la dziko lonselo likakamiza woyendetsa boti losangalalira lofupikira mafiti 26, lokhala ndi injini ya mahosipawa pafupifupi 3 kapena kuposa, kumanga cingweci pa thupi pamene boti likuthamanga. Injini ya mahosipawa 15, imene asodzi a kuno amaiyesa yaing'ono, yaposa muyeso umenewo kasanu.

Otsutsa ali ndi mau ao, ndipo ayenera kumvedwa. Oyamba amati sipeya ndi yosowa ndiponso yokwera mtengo, ndipo msodzi sangasiye boti pa mtunda milungu iwiri ana akugona ndi njala. Bvuto limeneli ndi lenileni. Komabe mtengo wa swichi ndi kacigawo kakang'ono ka mtengo wa injini, ndipo mtengo wa cingwe sufika pa wa petulo wodzaza thanki imodzi. Amene anakhoza kugula injini, ndipo amagula mafuta ulendo uli wonse, sanganene kuti cingwe camukulira. Cimene cimamuletsa ndi kusaciwerengera. Ayenera kuika mtengowo pambali pa mtengo wa maliro, wa boti losweka, ndi wa mlandu wa ana a eni ake amene anali m'botimo.

Aciwiri amati cingwe cimasokoneza nchito: munthu akasuntha pang'ono kuti akoke ukonde kapena atunge madzi olowa m'boti, injini yazima, ndipo pakati pa mkokomo wa madzi kuzima kwa injini nako nkoopsa. Izinso ziri ndi coonadi cake. Koma cingwe cabwino cimatamuka ndithu, ndipo cimene cimasololoka pacabe kawirikawiri ndi kamphanda kakutha, kapena ka injini ya mtundu wina kamene kanangokakamizidwa. Mankhwala ake ndi kugula koyenera. Ndipo ngati woyendetsa afuna kucoka pa mpando wake kupita kutsogolo kwa boti, ndi bwino kuti injini izime, pakuti boti loyenda popanda dzanja pa ciongolero ndilo ngozi imene swichi inapangidwira.

Acitatu amati imfa zazikulu za pa madzi m'Zambia zimadza boti likagubuduzika, osati kaamba ka pulopela. Amakumbutsa za pa 24 Okutobala 2014, tsiku limene dziko linakondwerera zaka 50 za ufulu, pamene boti linagubuduzika pa Kariba m'boma la Gwembe, nafa anthu 26, ambiri a iwo ana a sukulu opita ku cikondwerero. Amakumbutsanso za kumapeto kwa Marichi 2023, pamene anthu 14 a mpingo wa Seventh-day Adventist anamira pa nyanja ya Bangweulu, boti lao litacokera ku cisumbu ca Chishi. Nzoona kuti cingwe cofiira siciletsa boti kugubuduzika. Zimenezo zimafuna majekete oyandamitsa, kusadzaza boti kopitirira muyeso, ndi kulemekeza mphepo. Koma kunena kuti cingwe ncosafunika popeza pali ngozi zina kuli ngati kukana kutseka khola cifukwa mbuzi zina zimafa ndi matenda. Pa zochinjiriza zonse za m'boti, cingweci ndico cochipa koposa, ndipo kucigwiritsa nchito sikuyembekezera boma, msonkhano kapena ngongole. Kumafuna munthu mmodzi ndi mphindi imodzi.

Tsono kukonza koyenera ndi kotani? Makanika akatsimikiza kuti injini imalira swichi itacotsedwa, nchito yake yangoyamba. Ayese swichiyo ndi mita yoyezera magetsi: kamphanda kali m'malo, magetsi asadutse pakati pa mawaya awiriwo, ndipo kakacotsedwa kapena kabatani kakadinidwa, adutse. Atsate mawaya utali wao wonse, makamaka pamene mkono wa injini umapindika, pakuti ndi pamene waya amathyokera m'kati khungu lake likuoneka lamoyo. Apale dzimbiri pa bauti imene waya wakuda wamangidwapo. Polumikiza mawaya aocherere ndi mtobvu ndi kukuta bwino kuti madzi asalowe, osangopota ndi zala nkukulunga pulasitiki wa shuga. Swichi zambiri zinapangidwa zomata, zosati nkutsegula, motero imene yadyeka ndi dzimbiri m'kati icotsedwe yonse ndi kuikapo ina ya mtundu wa injini yomweyo, pamodzi ndi cingwe cake.

Ciyeso cotsiriza cicitike mwini injini akuona. Injini iikidwe m'diramu ya madzi, pakuti kuiliza pouma kumaocha mphira wa pampu yoziziritsa. Ilizidwe giya isanalowe, cingwe cikokedwe, ndipo izime nthawi yomweyo. Acite cotero kawiri kapena katatu. Ngati sipeya yasowa, makanika anene poyera kuti injini siinathe kukonzedwa, ndipo idikire. Angataye kasitomala mmodzi wopupuluma, koma adzasunga dzina lake. Tsiku limene uthenga wa maliro udzafika kucokera ku madzi, kupepesa kwake sikudzathandiza kanthu, pakuti pepani sapoletsa cilonda.

Mwini boti ndi woyendetsa alinso ndi mbali yao. M'mawa uli wonse, anthu asanakwere, injini ilizidwe ndipo cingwe cikokedwe kuti aone ngati izima. Cingwe cimene cauma ndi dzuwa, cang'aluka, kapena catamuka kosabwereranso, cisinthidwe. Cisalumikizidwe ndi cingwe cina kuti citalike, cifukwa cingwe cacitali cimalola munthu kugwera m'madzi kamphanda kasanasololoke. M'boti mukhale cingwe caciwiri pa malo odziwika, pakuti woyendetsa akagwa amapita ndi coyambaco, ndipo otsala afunika kuliza injini kuti akamutole. Kaamba ka ici, woyendetsa wanzeru amaonetsa mmodzi wa okwera pozimitsira ndi polizira boti lisananyamuke. Mwini amene amalemba anyamata kuyendetsa maboti ake aike lamulo lakuti wopezeka pa madzi cingwe ciri lende pa injini walakwira nchito.

Okwera nao asadziyese opanda mau. M'cigwa ca Luangwa, ku Nyimba, ku Mambwe ndi ku Chama, dzinja likafika mitsinje imadula miseu, ndipo odwala, ana a sukulu ndi amai apakati amaoloka pa maboti. Ali yense wa iwo ali ndi maso. Asanakhale pansi ayang'ane dzanja kapena mwendo wa woyendetsa. Ngati cingwe palibe, afunse mwaulemu kuti, “Bambo, nanga cingwe cofiira ciri kuti?” Ena adzaopa kunenedwa kuti ndi amantha kapena odzionetsa, koma mbewa ya manyazi inafera ku dzenje. Amalonda a nsomba amayenda m'magulu ndipo ndiwo amalipira ulendo. Akagwirizana kuti sakwera boti lopanda cingwe, oyendetsa adzacipeza sabata isanathe.

Boma liri kale ndi lamulo la za maboti, la Inland Waters Shipping Act, mutu 466 wa malamulo a Zambia, ndiponso dipatimenti ya Maritime and Inland Waterways imene imayendera ndi kulembetsa maboti. Nkoyenera kuti oyendera maboti asamalekere pa kuwerenga majekete ndi kuyang'ana ming'alu, koma aziliza injini ndi kukoka cingwe ndi dzanja lao. Apolisi a pa madzi, mafumu ndi makomiti a asodzi pa madooko angacite cimodzimodzi popanda kuononga ngwee. Masukulu a nchito za manja oyang'aniridwa ndi bungwe la TEVETA aphunzitse ophunzira ao kuti kudula waya wa swichi ndi njira yoyesera cabe. Ndipo masitolo a mu Lusaka amene amagulitsa injini asunge maswichi ndi zingwe zokwanira, ndi kuzifikitsa ku Chanyanya, ku Siavonga ndi ku Luangwa, kuti msodzi asamayende ulendo wa tsiku lonse kaamba ka kanthu kokwana m'thumba la malaya.

Nthawi yocitira zimenezi iripo. Caka ndi caka, kuyambira pa 1 Disembala kufikira kumapeto kwa Febuluwale, boma limaletsa kupha nsomba m'madzi ambiri a dziko lino kuti nsomba ziswane. Miyezi itatu imeneyo maukonde amasokedwa, maboti amamatidwa, ndipo injini zambiri zimapita kwa amakanika. Maboti onyamula anthu, amene nchito yao imakula m'dzinja, ayenera kuonedwa mvula isanagwe. Makanika wa m'Mandevu, wa ku Chawama kapena wa pansi pa mtengo ku Luangwa, injini ikafika m'manja mwake, kaya yadzera mapulagi kaya kabyuleta, ayese ndi swichi yomwe ngakhale mwini sanaichule. Mwini naye, asanatulutse ndalama, asakhutire ndi kumva injini ikulira. Apemphe kuiona ikuzima pamene cingwe cakokedwa, ndipo ngati siizima, aisiye pomwepo kufikira itakonzedwa.